Elemu wa Limbani

Ndikatsinzina ndimauonabe mtengo uja mmene unkaonekera pa zenera la kukhitchini madzulo, nthawi imene dzuwa la ku South Bend limakhala litatopa kale m'miyezi yozizira. Unalibe tsamba ndi limodzi lomwe, nthambi zake zowondawonda zinali zitasokonekera ngati tsitsi la mwana wosapesedwa, ndipo pansi pake chipale chofewa chinali chitaunjikana mpaka kubisa waya wa mpanda. Sunali mtengo wokongola, ndisaname. Unali wopendekeka, wa makungwa otuwa ong'ambikang'ambika, ndipo kukawomba mphepo unkataya tinthambi touma paliponse. Munthu wa kwathu ku Dedza akanayamba wafunsa kuti umabereka chipatso chanji, ndipo atamva yankho akanafunsa chifukwa chake sitinauwaze nkhuni. Koma chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, panalibe chinthu china m'dziko lonse la America chimene ndinkachiyang'anira ngati mtengo umenewo.

Tinkakhala m'kanyumba kalendi chakumadzulo kwa mzindawo, amayi ndi ine. Abambo anali ku Indianapolis, kumene ankagwira ntchito mu labotale ya chipatala china masana n'kumalowa m'kalasi madzulo, ndipo ankabwera Loweruka lina n'kudumpha lina, atatopa moti ankagona pampando nsapato zili kumapazi. Amayi ankasamalira okalamba kunyumba ina yowasungirako, ndipo mashifiti awo ankatalika monga mmene abwana afunira. Choncho basi yachikasu ya sukulu ikanditsitsa pakona, ndinkasolola kiyi amene ankakhala pachingwe m'khosi mwanga, n'kulowa m'nyumba yopanda munthu. Malamulo ndinkawadziwa pamtima: usatsegulire munthu, usayatse mbaula ya gasi, tulutsa nkhuku mufiriji isungunuke, tsuka mbale, lemba homuweki. M'nyumbamo munkanunkha kapeti wakale, anyezi wa dzulo ndi fumbi lofunda lotuluka m'timabowo ta chotenthetsera nyumba. Ndinkayatsa wailesi yakanema osati kuti ndionere, koma kuti mumveke mawu a anthu. Ndikamaliza zonse ndinkakokera mpando pazenera lija. Ndinali wosungulumwa kwambiri, ndipo sindinkadziwa kuti ndi chinthu choti munthu n'kuuza mnzake. Ndinkayesa kuti ndi mmene kumakhalira ku America.

Nyumbayo sinali yachete chonchi kuyambira kale. Chaka cha m'mbuyo mwake munali Limbani, mlongo wanga wamng'ono. Anabadwa masamba atayamba kufiira, patangopita chaka ine nditabwera kuchokera ku Malawi. Mchombo wake utagwa, amayi anandidzutsa m'mamawa, abambo atabwerera kale ku Indianapolis. Anali ataukulunga m'kansalu kong'amba ku chitenje chakale, kanthu kakuda kouma, kosakwana n'chala chomwe. Tinatuluka kuseri titavala majekete pamwamba pa zovala zogonera. Khasu tinalibe, ndiye amayi anakumba ndi supuni yaikulu ya kukhitchini pakati pa mizu iwiri ya mtengo uja. "Kumudzi izi sachita mayi wa mwana yekha," anatero akukwirira. "Pamakhala azimayi akuluakulu. Kuno wamkulu wanga ndiwe. Usawauze adadi ako, ndipo usakayerekeze kunena kutchalitchi, angatiyese achikunja." Ndinalonjeza mano akugundana ndi kuzizira, ndikudzimva kuti ndakula tsiku lomwelo.

Chaka chimenecho Limbani anakulira kumsana kwanga. Ndikaweruka ndinkakamutenga kwa mayi wina wa ku Zambia amene ankamusunga mumsewu wathu womwewo, n'kumubereka ndi chitenje, azungu odutsa pagalimoto akuchepetsa liwiro kuti aonetsetse. Kunja kutafunda tinkakhala pansi pa mtengowo. Amayi, monga munthu woleredwa bwino, sankapeza mtendere pabwalo pali zinyalala. Anadula mpini wa tsache la m'sitolo kuti aziwerama posesa, chifukwa ankati kusesa uli chiimire ndi ulesi, ndipo anasesa pansi pa mtengowo mpaka kapinga anafa, panatsala dothi losalala ngati la kumudzi. Pamenepo ndi pomwe Limbani anaphunzirira kukhala, kukwawa ndi kudya dothi. Ndimakumbukanso kuti mu Epulo wa chaka chimenecho, masamba asanatuluke n'komwe bwinobwino, mtengowo unkatiwaza tinjere tozungulira topyapyala ngati pepala, ndipo ndinkakhalira kutitola m'tsitsi mwake ndi kutikolowola m'kamwa mwake. Nthawi imeneyo kwa ine tinali zinyalala chabe.

Kenako mayi wa ku Zambia uja anasamuka. Amayi anayesa kusintha mashifiti, anayesa kupempha anzawo, abambo anayesa kumabwera pakati pa sabata, koma zonsezo kunali kungozengereza. Akuluakulu anagwirizana pafoni kuti mwanayo akakhale kaye ku Dedza ndi amayi aang'ono a Esinala, mng'ono wawo wa amayi, mpaka zinthu zitakhala bwino. Ine palibe anandifunsa, ngakhale kuti msana umene unkamubereka unali wanga. Amayi anakwera naye ndege mu Novembala, ine n'kundisiya kwa anthu a kutchalitchi, ndipo anabwerako okha ndi sutikesi yonunkha utsi ndi usipa. Ndinakana kudya. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kundiimika pazenera la kukhitchini. "Waiwala zimene tinaika paja? Mchombo wake uli apo. Angakhalitse bwanji kutali? Abwera ameneyo." Mwina ankangofuna kuti ndidye. Koma ine ndinawakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'mutu mwanga nkhani inali yachidule: mtengo ukakhalapo, Limbani abwera.

Miyezi yozizira imeneyo ndinaitha ndekha. Masewera amene ndinabwera nawo onse ankafuna anzako. Fulaye safuna munthu mmodzi, jingo imafuna awiri ogwira chingwe. Ndinatsala ndi phada basi, amene ndinkasewera pakapeti ndi timiyala totola m'mbali mwa msewu, ndikusinthana ndi mtsikana wongopeka m'mutu amene nthawi zonse ndinkamupambana. Chipale chikagwa chatsopano ndinkavala mabutsi n'kukachotsa pakati pa mizu iwiri ija ndi manja, mpaka dothi lioneke, chifukwa sindinkafuna kuti pazizire. Lamlungu tikachoka kutchalitchi tinkaimba foni ku Dedza. Amayi aang'ono ankaika foni pakhutu pa Limbani, ife n'kumamuitana mosinthana, koma chimene tinkamva ndi kupuma kwake, ndi tambala wina kumbuyo amene ankalankhula kuposa iye. Foni ikaduka amayi ankapita kukachapa zovala zimene zinali zochapa kale.

Mu Januwale kunagwa mvula ija imaundana ikangokhudza chinthu, ndipo nthambi yaikulu inathyoka n'kuphwanya mpanda wa oyandikana nafe, mayi Doris, mzungu wopuma pantchito amene maluwa ake ankawadziwa mayina kuposa adzukulu ake. Tsiku lotsatira kunabwera eni nyumba yathu, bambo wamtali wa chipewa chofiira amene amayi ankawatchula kuti a Paulaki. Awiriwo anaima m'chipale pansi pa zenera langa n'kuyamba kukangana, ndipo Chingerezi changa chinali chitakhwima mokwanira kuti ndimve zonse. Mayi Doris ankati mtengowo ndi elemu wa ku Siberia, mtengo wachabechabe umene umamera wokha m'ngalande, wosalimba, wokondedwa ndi tizilombo, woyenera kudulidwa n'kuchotsa ndi chitsa chomwe. A Paulaki anakwiya. Nyumbayo inali ya malemu amayi awo, amene anagula mtengowo uli kambande n'kuubzala ndi manja awo, ndipo moyo wawo wonse ankautchula kuti elemu wa ku China, mtengo wapamwamba umene anthu amaupatsa ulemu. Onse awiri ankaloza nthambi zomwezomwezo n'kumaona zosiyana. Mitengo iwiriyi masamba ake ndi ang'onoang'ono mofanana, ndipo nthawi imeneyo panalibe ndi tsamba lomwe loti n'kuliona.

Pomaliza mayi Doris ananena kuti mtengowo udziulula wokha. Wa ku Siberia umabereka njere chipale chikangosungunuka, masamba asanakule, pamene wa ku China umadikira mpaka masamba atatsala pang'ono kugwa. Analumbira kuti chaka ndi chaka njerezo zimadzaza ngalande za denga lawo mu Epulo. A Paulaki, amene anakhala zaka zambiri kudera lina ndipo sankakumbuka kuti mtengo wa amayi awo umachita chiyani mwezi uti, anati zimenezo zimachokera ku mitengo ina ya mumsewu. "Koma ukabereka mu Epulo, ndiudula," anatero, ndipo anagwirana chanza magolovesi ali m'manja. Iwo ankafunika kudikira kuti adziwe, koma ine yankho ndinali nalo kale, ndinali nditalikolowola ndi chala changa m'kamwa mwa Limbani.

Amayi atabwera ndinawauza asanavule n'komwe nsapato. Anakhala pansi n'kuyang'ana kuzenera. "Mtengo ndi wa eni ake," anatero. Ndinati tiwauze a Paulaki zoona, ndi munthu wabwino, amva. Amayi anapukusa mutu. "Ukamuuze mzungu kuti tinakwirira kanthu ka mwana pabwalo pake? Mawa lomwe aimbira a boma, abwere adzatiinivesitigete. Usayerekeze, wamva?" Ndinali ndisanawaonepo akuopa chonchi, choncho nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo tinadya chakudya chamadzulo osayang'anana.

Kamodzi pamwezi tinkapita ku Indianapolis. Unali ulendo wautali wodutsa m'minda ya chimanga yosalala, yoyera mbee ndi chipale, yopanda munthu ndi mmodzi yemwe woyenda pansi. Tinkayamba tatenga abambo ku kafulati kawo cha ku Lafayette Square, kumene ankakhala ndi anzawo awiri, amayi n'kugulako nsomba zouma m'masitolo a anthu a kumadzulo kwa Africa, kenako tinkapita ku Lawrence, kunyumba ya banja lina kumene Amalawi ankasonkhana kupemphera ndi kudya. Ulendo wa mu Febuluwale ndinanyamula kanthambi ndi masamba ouma amene ndinatola kunsi kwa khonde, m'kapulasitiki koikamo sangweji. Ndinkaganiza kuti m'nyumba yodzaza anthu ophunzira chotero sipangalephere kupezeka wina wonena motsimikiza kuti ndi wa ku China, ndipo a Paulaki akamva zoti amene wanena zimenezo ndi dokotala, amvera.

Abambo anasangalala kwambiri, poyesa kuti mwana wawo wayamba kukonda sayansi. Anapita nako kapulasitikiko pabalaza pamene panali azibambo, ndipo mafoni anatuluka m'matumba. Panali wa zamankhwala, panali namwino, panali wina amene ankalemba digiri yachitatu ya zachuma, onse osadziwa kanthu za mitengo, onse otsimikiza. "Ndagugula, ndi wa ku China uwu, taonani manowa m'mbali mwa tsamba," anatero wa zamankhwala. "Ayi achimwene, mukumisa poyinti," anayankha wa zachuma uja. "Apa akuti kale ogulitsa mbande ankagulitsa wa ku Siberia n'kumanena kuti ndi wa ku China. Gogo amene anaubzalayo anangomupusitsa." Namwino anawerenga mokweza kuti mitengoyi imasakanikirana ndi ina ya komweko, moti ana ake ngakhale akatswiri amakangana kuti awaike mtundu uti. Abambo anati ndiye kuti mtengowo uli ngati ana athuwa, onse n'kuseka. Posakhalitsa nkhani inakhotera ku ndale za kumudzi, monga zinkathera nkhani zonse m'nyumba imeneyo. Palibe anandifunsa chifukwa chake ndinkafuna kudziwa. Pochotsa mbale ndinapeza kanthambi kanga kali pamodzi ndi mafupa a nkhuku.

Ana ena anali kuchipinda chapansi akusewera magemu a pakanema. Ambiri anabadwira komweko, ankamva Chichewa koma ankayankha m'Chingerezi, ndipo ine ankanditenga ngati kamayi chifukwa ndinkagwada popereka madzi kwa akuluakulu. Sindinatsikeko. Ndinakhala pamasitepe, phokoso lina pansi, lina pamwamba. Nthawi ya mapemphero itakwana, akuluakulu anagwirana manja n'kupempherera mapepala okhalira m'dzikomo monga mwa nthawi zonse: a uje awaitane, a uje awaonjezere nthawi. Ine ndinatsinzina n'kupempherera mapepala a mtengo. Ndinauza Mulungu kuti ndikudziwa kuti ndi wa ku Siberia, palibe chifukwa chonamizana, koma popeza ndi Iye amene anaupanga, angathe kuusintha mtundu mwakachetechete popanda wina kudziwa. Ndikamakumbuka ndimaseka, koma tsiku limenelo ndinapemphera mpaka kutuluka thukuta.

Mu Malichi chipale chinasanduka matope, ndipo m'mbali mwa msewu munatuluka zonse zimene chinabisa, zitini, magolovesi otayika, fungo la masamba owola. Tsiku lililonse ndinkayang'ana nthambi. Poyamba panatuluka timaluwa tofiirira tosaoneka bwino, ndipo ndinadziuza kuti ndi masamba akubwera. Kenako mtengo wonse unabiriwira, moti munthu wapatali akanati ndi masamba ndithu, koma nditakwera pa bini ya zinyalala n'kukoka nthambi imodzi ndinaona kuti ndi tinjere tija, tothithikana m'magulumagulu. Pemphero langa linali litakanidwa. Ndinatsika pabinipo n'kukatenga tsache.

Nzeru zimene ndinali nazo ndi zomwe ndinaleredwa nazo. Kwathu mlendo akafika amayamba wayang'ana pabwalo, n'kudziwiratu za nyumbayo, ndiye ndinkayesa kuti a Paulaki nawonso adzayang'ana pansi, ndipo akadzapeza palibe njere nkhani idzathera pomwepo. Tinjere titayamba kuuma ndi kugwa, ndinkalawirira basi isanabwere n'kusesa pansi pa mtengo, pakhonde, kamsewu ka kuseri kodutsa magalimoto a zinyalala, mpaka pasimenti ya mayi Doris. Ndikaweruka ndinkapeza tadzazanso, n'kuyambiranso. Tinali topepuka moti tsache likangoyandikira tinkauluka n'kukatera kumbuyo kwanga, mpaka ndinakumbukira kuwaza madzi kaye monga tinkachitira ndi fumbi la m'chilimwe kwathu. Ndinkatithira m'matumba akuda n'kumanga zolimba. Mayi Doris, mdani wanga wamkulu, anatuluka tsiku lina ndi mbale ya mabisiketi n'kundiuza kuti sanaonepo mwana wolimbikira ngati ine. Ndinalandira ndi manja awiri ndipo ndinadya onse, koma sindinawakhululukire.

Amayi ankaona zonsezi. M'mawa wina ndikusesa ndinamva chitseko chikutseguka, ndipo ndinayembekezera kukalipiridwa kuti basi indisiya. Anatuluka atavala kale yunifolomu ya kuntchito, chitenje chili pamwamba pake, atanyamula tsache lina. Iwo anayambira kumpanda, ine ndili kukhonde, tinakumana pakati. Amayi anali munthu wophunzira, ankadziwa bwino lomwe kuti zimene tikuchitazo n'zosathandiza, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinazindikira kuti nawonso ankamusowa mwana wawo mpaka kusowa pogwira. Ndinali ndisanaganizepo zimenezo. Ndinkayesa kuti Limbani analandidwa kwa ine ndekha.

A Paulaki anabwera Loweruka lina dzuwa likuwala. Pabwalo panali poyera moti munthu akanatha kuyanikapo ufa. Anayamikira, anati nyumba ya amayi awo sinasamalidwepo chonchi, ndipo ine mtima unayamba kukhala pansi. Kenako anachita chinthu chimene sindinachiganizire masabata onse aja: anakankhira chipewa kumbuyo n'kuyang'ana kumwamba. Kamphepo kanadutsa, tinjere n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, pamapewa pawo, pachipewa, padothi langa losesa. Anatola kamodzi n'kukatembenuza m'manja. "Ndiye kuti amayi anga anawanamiza," anatero chapansipansi, ndipo ndinaona kuti nawonso zawapweteka. Amayi anga anali ataima pakhomo atapinda manja. Ndinawayang'ana kuti anene, angonena basi, koma anangoti, "Pepani bambo."

Tsiku loti mawa lake kubwera odula, tinatenga supuni yaikulu n'kukakumba pakati pa mizu. Tinakumba pomwe ndinkakumbuka ine, kenako pomwe ankakumbuka amayi, kenako pakati pake. Tinapeza timizu toyera topiringizana, nyongolotsi ndi kachidutswa ka botolo. Kansalu kaja sitinakapeze, ngakhale ulusi wake. Amayi anakhala chogwada, manja ali matope okhaokha, n'kunena kuti, "Mtengowu unakadya kale." Tinakwirira dzenjelo, ndipo chifukwa cha chizolowezi anasesaponso.

Kutacha ndinapita kusukulu. Pobwera, nditangotsegula chitseko, ndinadabwa kuti m'khitchini mukuwala kwambiri, kuwala kwachilendo kofika mpaka pafiriji. Pazenera panalibe kanthu, thambo lokhalokha ndi denga la galaja ya mayi Doris. Anali atadula, atanyamula zipika zonse, ndipo makina ena anali atapera chitsa mpaka pansi. Panatsala mulu wa utuchi wosakanikirana ndi dothi, wonyowa, wonunkha mowawasa. Ndinakhala pamenepo chikwama chili kumsana mpaka amayi anandipeza. Ndinawafunsa ngati Limbani abwerebe. Anati abwera, koma ananena akuyang'ana kwina. Kenako ndinafunsa chimene ndinali ndisanafunsepo. "Nanga mchombo wanga uli kuti?" Anati uli ku Dedza, kuseri kwa nyumba ya agogo, pansi pa mtengo wa mapichesi. "Ndiye kuti inenso ndidzabwerera?" Amayi anandisansa utuchi pasiketi n'kunena kuti tilowe, kwayamba kuzizira.

Sukulu itatsekera tinasamukira ku Indianapolis, m'fulati ya m'mwamba ku Speedway, yopanda bwalo loti n'kusesa, kumene m'mwezi wa Meyi mawindo ankanjenjemera ndi magalimoto a mpikisano. Banja linakhalanso pamodzi, kupatula mmodzi. Poyamba ankati Limbani abwera abambo akamaliza maphunziro, kenako anati akakwana poyamba sukulu. Nthawi itakwana amayi anapita kukamutenga, koma mwanayo anakakamira chitenje cha amayi aang'ono, amene ankawatchula kuti amama, n'kulira mpaka kudwala, ndipo a Esinala, amene analibe mwana wina, nawonso anagona pamphasa. Amayi anabwereranso okha. Limbani ali komweko mpaka lero, mnyamata wamtali wa kusekondale, ndipo ine ndidakali kuno.

Panopa mitengo iwiri ija ndimaisiyanitsa ndili pagalimoto. Wa ku China makungwa ake amasendeka n'kuoneka mawangamawanga, pamene wathu uja unali wotuwa basi, ndipo munthu wodziwa akanathetsa mkanganowo pongouyang'ana. Ndinawerenganso kuti kuli mitengo ina ya elemu ya masamba ang'onoang'ono imene akatswiri akhala akuisinthasintha mayina kwa zaka zambiri osamvana. Sindiwaseka anthu amenewo, chifukwa ndinaona ndekha kuti dzina limene anthu agwirizana lingasunge chinthu kapena kuchigwetsa, chinthucho chisanasinthe paliponse. Sindikhulupiriranso kuti macheka a a Paulaki ndi amene anatsekera mlongo wanga ku Dedza. Anamutsekera ndi mashifiti, mtunda ndi chikondi cha mayi wina. Koma zimene munthu anakhulupirira ali mwana sizichoka zonse, ndipo mpaka pano mwezi wa Epulo sindiukonda.

Chaka chatha, tikucheza pafoni ya kanema, ndinaganiza zomuuza nkhani yonseyi, popeza ndi yake. Amanditchula kuti asisi, mwaulemu wonse, monga munthu amachitira ndi wachibale wakutali amene amatumiza nsapato. Nditangoyamba za mchombo anandidula mosangalala. "Pamenepo ndimapadziwa, asisi. Amama anandionetsa kalekale. Uli kuseri kwa nyumba ya agogo, pamtengo wa mapichesi paja." Anayenda nayo foniyo n'kuitembenuza kuti ndione. Mtengowo unali pomwepo, wokalamba, mbuzi ili yomangirira patsinde. Sindikudziwa ngati amayi aang'ono anasokoneza ndi wanga kapena anachita dala, ndipo sindinafunse. Nkhani ya ku South Bend ndinaimeza. Ndinangomuuza kuti asadzalole munthu aliyense kuudula.